Galimoto ya Yotamu, Mafuta Anga

Mlamu wanga Yotamu, mphunzitsi wa ku Tsangano,
anabwera Loweruka ndi galimoto yotuwa,
mapulasitiki akadali pamipando,
naiimika pomwe ndimaunjika matumba a kachewere.
Anaimba hutala katatu, ine ndili panja pomwepo.

"Zaka zinayi basi," anatero.
"Banki izidula kumalipiro, ine osamva n'kuwawa komwe."
Ndinati: mlamu, khoswe ndiye amatero,
amaluma chala akuuzira.

Anaseka. "Nanga chitini chako cha mkaka chija chafika pati?"
Apo anandiponda pachilonda.
Nyengo zinayi ndakhala ndikupatula kangachepe
pa thumba lililonse lokwera lole pa Lizulu,
kumanga ndi mphira, kubisa kuseri kwa feteleza.
Ndinali nditafika theka la mtengo
pamene kwacha inagwa.
Ndinagona ndili ndi theka la galimoto,
ndinadzuka ndili ndi mateyala ndi chiwongolero.

"Waona? Iwe ukuthamangitsa chithunzithunzi chako.
Ine ndakwera kale."
Wakwera, inde, koma mapepala ake ali m'kabati ya banki.
Ndiwe mbusa chabe:
ng'ombe ukudyetsa ndiwe, mwini wake ali pamthunzi
akuwerenga chiwongoladzanja.

Kenaka tinayamba kupisana m'matumba.
Iye anawerenga zanga:
za kabaza, za lole, zobetchera mpira Lamlungu,
mabotolo awiri aja a pa Mphate amene amabala ena anayi.
Ine ndinawerenga zake:
nsapato zosongoka, foni yachitatu m'zaka ziwiri,
suti ya ukwati wa eni ake.
Nangozo, mimba ili m'khosi, anangotola makapu.
"Tiyi wazizira. Shuga wake ndinakongola kwa a Nandau,
ngati alipo wofuna kulipira pompopompo."

Panapita milungu isanu tisakulankhulana bwino.
Ndinkamuona akutsika kuboma
atapakira anthu asanu ndi awiri ndi nkhuku zawo,
mphunzitsi wasanduka kondakitala.
Iyenso ankandiona pasiteji, mvula yowaza ili pamsana,
ndikudikira lole yosabwera.

Usiku wa pa 19 Juni, chifunga chitatseka phiri,
Nangozo anandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa.
Ndinathamanga opanda nsapato.
Yotamu anatuluka atafunda bulangete,
makiyi ali kale m'manja,
kenaka anaima.
"Mlamu, singano ili pansi.
Adula dzana. Ndatsala ndi ya sopo."

Sindinanene za khoswe.
Ndinakankha matumba a feteleza, ndinatsegula chitini,
mphira unaduka wokha.
Tinagogoda kwa mnyamata wogulitsa mafuta m'zigubu,
anatchula mtengo wa pakati pa usiku,
ndinawerenga osatsutsa,
ine amene ndimanenerera ngakhale mtengo wa machesi.

Msewu wa Tsangano mumaudziwa.
Bampu iliyonse Nangozo ankatukwana tonse awiri
ndi banki yomwe.
Yotamu ankapukuta galasi ndi bulangete,
ine ndatulutsa mutu pawindo, ndikumuuza pali dzenje.

Mwana analira kusanache, pachipatala cha Ntcheu.
Wamkazi.

Tinakhala pa boneti yofunda, tikugawana chimanga chootcha.
"Pakanapanda ngongole yanga," anayamba.
Pakanapanda chitini changa, ndinamudula.
"Timutche Ngongole."
Ayi, akhale Pompopompo.
Namwino anatulukira pakhomo:
"Mayi akuti dzina apereka okha.
Akutinso wina mwa inu akagule beseni ndi zitenje ziwiri."

Tinayang'anana.
Yotamu anasisita matumba a buluku, kutsogolo ndi kumbuyo.
Ine ndinatulutsa zotsala za m'chitini:
chiwongolero chapita, teyala limodzi lapita.
"Kwera," anatero, "ndikuperekeze kumsika."
Ndi pafupi, mlamu. Mafuta ndi anga.
Tiyende pansi.